A Tolowa a ku Smith River: moyo wawo, kupululidwa kwawo ndi ntchito yodziutsanso

Kumpoto kwenikweni kwa chigawo cha California ku United States, kumalire ndi Oregon, kuli mtsinje wa Smith. Mwa mitsinje ikuluikulu ya ku California, uwu wokha ndi umene sunatchingidwe ndi damu. Umatsika m'mapiri, n'kudutsa m'nkhalango za mitengo ya redwood, imene ina imapitirira mamita 100 kutalika, kenako n'kukathira m'nyanja yamchere ya Pacific. Chakumwera kwa mathiriro ake kuli nyanja ziwiri zolumikizana, Lake Earl ndi Lake Tolowa, ndipo chimene chimazilekanitsa ndi nyanja yaikulu ndi mchenga wokha. Kumeneko mvula imagwa yambiri m'miyezi yozizira, kuyambira cha mu November mpaka March, ndipo ngakhale m'chilimwe kumacha ndi nkhungu.

Eni dziko limeneli ndi a Tolowa, amene amadzitchula kuti Dee-ni'. Chinenero chawo ndi cha m'banja la Athabaskan, limodzi ndi cha a Hupa, a Navajo, a Apache ndi mitundu yambiri ya ku Alaska ndi Canada. Abale awo apafupi ndi a Chetco ndi a Tututni a kugombe la Oregon, pomwe a Yurok a kumwera, ngakhale ankakwatirana nawo ndi kusinthana nawo katundu, amalankhula chinenero china kotheratu. Midzi yawo ikuluikulu inali m'mbali mwa nyanja: Yontocket, Howonquet, Achulet ndi Taa-'at-dvn, pamene lero pali tauni ya Crescent City. Pa chiwerengero chawo azungu asanabwere, anthu sagwirizana. Katswiri wa chikhalidwe cha anthu Alfred Kroeber anati analipo 1,000, ofufuza ena anati 2,400, pomwe a Tolowa eni ake, powerengera midzi yonse ya abale awo mpaka ku Oregon, amati analipo 10,000. Chimene aliyense amavomereza n'chakuti pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, otsala m'dera la Del Norte, limene ndi kwawo ku California, sankakwana 200.

Kuti munthu amvetse mmene mtundu ungachepere chonchi m'moyo wa munthu mmodzi, ndi chifukwa chake sunathe, ayenera kuyamba waona mmene chakudya, chuma ndi chipembedzo zinalukanirana.

Chakudya cha chaka chonse

A Tolowa sankalima mbewu zodya. Chimene ankadzala ndi fodya yekha. Koma sanalinso anthu oyendayenda. Ankakhala m'midzi yokhazikika, ndipo moyo wawo unkadalira kukolola zochuluka pa nthawi yochepa n'kuzisunga bwino.

M'chilimwe, makamaka mu July ndi August, mabanja ankasamukira kumisasa ya kugombe kukapha smelt, kansomba kotalika masentimita 15 mpaka 20 kamene kamabwera kudzaikira mazira pamchenga wokhakhala, pamene mafunde amasweka. Kansombaka sikaikira paliponse. Kamafuna mchenga wosakanikirana ndi timiyala, ndipo n'chifukwa chake misasa inali pamalo amodzimodzi mibadwomibadwo. Msodzi amadziwa kuti nsomba zafika poona mbalame zikudumphira m'madzi pafupi ndi gombe. Ukonde wake ndi wa mitengo iwiri yokumana kumtunda n'kutakasuka kumunsi, yolimbitsidwa ndi mtanda, ndipo kumbuyo kwake kumalendewera thumba lalitali. Amalowa m'madzi, n'kutsamiritsa kukamwa kwa ukonde pamchenga pamene funde likusweka, kenako n'kutukula kuti nsomba zitsetserekere m'thumba, limene amaligwira pakhosi kuti zisabwerere. Akachedwa kutukula, ukonde umadzaza mchenga. Akalola thumba kulemera kwambiri, funde lotsatira limamugwetsa.

Ntchito yaikulu imayamba nsomba zikafika kumtunda, ndipo inali m'manja mwa amayi. Amene anaonapo usipa pathandala aizindikira msanga: smelt amayanika yathunthu, yosatumbula, pa zipika zimene nyanja inalavula ndi pamchenga woyalidwa udzu wa kugombe. Nsomba iliyonse imafuna kutembenuzidwa kuti isamatirire, ndipo isagundane ndi inzake. Mdani wamkulu ndi chinyezi. Dzuwa likapendeka nsomba zimafunika kuzivundikira nkhungu ndi mame zisanatsike, chifukwa zikanyowa zili pakati pouma zimafewa, zimanunkha, ndipo ntchito ya masiku angapo imatayika. Ana ankapatsidwa ntchito yoingitsa mbalame. Nsomba ikauma mpaka kuthyoka poipinda, inkasungidwa m'madengu kudikira nyengo yozizira.

Smelt ikatha, anthu ankakwera mtsinje kukapha salmon ndi kutola njere za mtengo wa tanoak. Salmon ankaipha ndi mikondo, maukonde ndi mipanda yotchinga mtsinje, koma palibe ankayamba mwambo wa nsomba yoyamba usanachitike. Mwambowu unalinso ndi phindu looneka: masiku oyembekezerawo ankapatsa mpata nsomba zambiri kudutsa kukaswana kumtunda. Nsomba ankazing'amba mopyapyala n'kuziwamba pa utsi wa moto wosalilima.

Njere za tanoak zimafuna luso lalikulu kuposa zonsezi, chifukwa zosakonza zimawawa ndipo zimapweteka m'mimba. Potola, zoboola ndi anankafumbwe amazisiya. Zabwinozo amaziyanika, n'kuziswa, n'kuchotsa kakhungu ka mkati. Posinja amaika dengu lopanda tsinde pamwala wafulati kuti ufa usamwazike, n'kumasinja ndi munsi wamwala. Ufa amausefa, misere n'kuibwezera pamwala, chifukwa misere sichoka kuwawa mofanana ndi ufa wosalala. Kenako amakumba kadzenje kosaya mumchenga woyera, n'kuyalamo ufawo mopyapyala, n'kumathira madzi pang'onopang'ono kuti adutse mu ufa n'kulowa mumchenga atatenga kuwawako. Kuthira mwamphamvu kumavundula mchenga n'kuusakaniza ndi ufa. Amabwereza kwa maola angapo, akumalawa pamene ufa wakhuthala kwambiri, popeza pamenepo ndi pamene kuwawa kumathera pomaliza. Phala lake ankaliphika m'dengu lolukidwa mothina moti silidontha: miyala yotenthedwa pamoto amaitsuka phulusa msangamsanga, n'kuiponya m'phalamo, n'kumatakasa osaleka. Mwala ukakhazikika pansi umaboola dengu limene munthu analuka kwa milungu yambiri.

Panalinso nsomba zonga mkunga zotchedwa lamprey, nkhono zosiyanasiyana, ndere za m'nyanja zoyanika, mizu ya camas, agwape ndi elk, nyama yaikulu ya nyanga zanthambi. Koma chimene chinkapatsa mwamuna ulemu ndi ulenje wa sea lion, nyama yaikulu ya m'nyanja. Pa ulenje umenewu ankagwiritsa ntchito mabwato osemedwa kuchokera ku chipika chimodzi cha redwood, ena ofika mamita 12, ndipo ankapalasa mpaka kumatanthwe a St. George Reef, makilomita pafupifupi 10 kuchokera kumtunda, pa nyanja yozizira ndi yaukali.

Nkhalango nayo sinkangosiyidwa. Ankaitentha mwadala pa nthawi yake. Moto wapansi unkapha tizilombo ta m'njere zogwa, unkatsegula madambo a elk, ndipo unkachititsa zitsamba za hazel kuphuka timitengo towongoka topanda nthambi, tomwe ndi mafupa a dengu. Hazel wosatenthedwa amakula mokhotakhota ndipo woluka sangamugwiritse ntchito. Mizu ya spruce ndiyo inkalukidwa pa timitengoto, ndipo maluwa a padengu ankachokera ku udzu woyera wa beargrass ndi mapesi akuda a zomera za fern. Boma la America litaletsa kutentha tchire m'zaka za m'ma 1900, luso loluka linavulala ngakhale panalibe lamulo lililonse loletsa madengu.

Nyumba, chuma ndi milandu

Nyumba zinali za matabwa a redwood, ong'ambidwa ndi zokhomera za nyanga ya elk ndi nyundo zamwala. Redwood amang'ambika mowongoka ndipo sawola msanga, choncho nyumba imodzi inkakhala zaka zambiri ndipo inali ndi dzina lake. Inali ya mbali zinayi, pansi pake pokumbidwa, moto pakati, khomo lake lozungulira loti munthu alowe chowerama. M'menemo munkagona amayi ndi ana, ndipo munkasungidwa madengu a chakudya. Amuna ndi anyamata ankagona m'nyumba ina yaing'ono yolowa pansi, imene ankaitenthetsa kuti atuluke thukuta asanakasambe m'madzi ozizira. Kumeneko n'kumene anyamata ankaphunzira mapemphero, nyimbo ndi malamulo.

Panalibe mfumu yaikulu ya mtundu wonse. Mudzi uliwonse unkadziyimira, ndipo wotsogolera anali mwamuna wachuma amene abale ake a kuchimuna ankamudalira. Chuma chenicheni sichinali chakudya. Chinali zigoba zazitali zoyera za dentalium, zimene zinkachokera kutali ku Vancouver Island kudzera m'manja mwa mitundu yambiri, komanso zikopa zofiira za pamutu pa gogomole, ndi mipeni ikuluikulu ya mwala wonyezimira wa obsidian. Mtengo wa chigoba unkatengera kutalika kwake. Kwa a Yurok, zazitali kwambiri zinali za masentimita opitirira pang'ono 6, ndipo 11 zokha zinkadzaza chingwe. Zazifupi kwambiri zinkangokhala mikanda. Amuna ankatema mphini pamkono zoyezera zigobazi, kuti pa malonda pasakhale kunamizana, ndipo ankazisunga m'tizikwama tosemedwa ku nyanga ya elk. Amayi nawo ankatema mizere itatu pachibwano.

Chumachi chinkagwira ntchito ya khoti. Kutukwana munthu, kutchula dzina la malemu pamaso pa abale ake, kupha nsomba pamalo a eni, chigololo, ngakhale kupha munthu, chilichonse chinali ndi dipo lake. Mbali ziwiri sizinkakambirana maso ndi maso. Ankatuma mkhalapakati amene ankayenda uku ndi uku mpaka mtengo utagwirizanika, ndipo dipo likaperekedwa mlandu unkatheratu, woudzutsanso ndiye ankalipira. Malowolo analinso nkhani yaikulu. Ulemu wa mwana unkatengera zimene zinaperekedwa pa mayi ake. Mkazi wolowoledwa mokwanira ankapita kuchitengwa, pomwe mwamuna wolephera kukwanitsa ankalipira theka n'kukhala pachikamwini. Cora Du Bois ndi Philip Drucker, amene analemba za a Tolowa m'zaka za m'ma 1930, anatsindika kwambiri za kukonda chuma. Kutsindikako kumabisa mbali ina: munthu wachuma ndiye ankalipirira abale ake milandu ndi malowolo, ndiye ankasemetsa bwato lalikulu, ndipo ndiye ankadyetsa alendo pa gule.

Nee-dash

Kwa a Tolowa, Yontocket ndi pakati pa dziko. Ndi pamene Mlengi anaumba nthaka, pamene panamera redwood woyamba, ndi pamene anthu anayambira. Chaka chilichonse mu December, pamene usiku watalikitsa, anthu ankasonkhana kumeneko kudzavina Nee-dash, gule wa masiku khumi wokonzanso dziko. Ankabwera a m'midzi yonse ya a Tolowa, a Chetco, a Tututni ndi alendo ochokera kwa a Yurok.

Gule amavinidwa usiku m'nyumba yamatabwa. Ovina amaima mumzere moyang'ana moto, amuna ndi atsikana mosinthana. Atsikana amavala zikopa zosokereredwa zigoba za abalone ndi nkhono zina zimene zimalira poponda, zipewa zoluka ndi mikanda yambiri, ndipo amuna amavala nthenga ndi nduwira zofiira za gogomole. Pakati pa nyimbo pamakhala mapemphero ofotokoza chilengedwe ndi kuthokoza pa chakudya chilichonse. Zovala zimaonjezeka usiku ndi usiku, ndipo zamtengo wapatali zimatuluka usiku womaliza, umene amavina mpaka kucha. Gule asanayambe, milandu yonse inkayenera kutha, ndipo ofedwa chaka chimenecho ankapatsidwa chopepesera kuti ena avine iwo akulira. Choncho Nee-dash inkasonkhanitsa pamalo amodzi chakudya chosungidwa, chuma chonse cha mabanja, akuluakulu odziwa mapemphero, atsikana ndi makanda. Mfundo imeneyi ndi imene ikufotokoza kukula kwa zimene zinatsatira.

1853 mpaka 1856

Mzungu wosaka zikopa Jedediah Smith, amene mtsinje uja unapatsidwa dzina lake, anadutsa m'derali mu 1828. Koma mavuto enieni anabwera ndi golide, amene anapezeka ku California mu 1848. Mu 1850 nyumba ya malamulo ya California inakhazikitsa lamulo lonena kuti mzungu sangapezeke wolakwa pa umboni wa mwini dziko, ndipo lamulo lomwelo linalola azungu kutenga ana a eni dziko kukawagwirira ntchito. Mu January 1851 bwanamkubwa Peter Burnett anauza nyumbayo poyera kuti nkhondo yopulula ipitirira mpaka mtundu wa eni dziko utatha. Mapangano 18 amene nthumwi za boma zinasainirana ndi mitundu ya ku California mu 1851 ndi 1852 anakanidwa ndi Senate, mbali ya nyumba ya malamulo ya dziko lonse, n'kubisidwa mpaka 1905. Pamene Crescent City inkakhazikitsidwa mu 1853 ngati doko lodyetsa migodi ya kumtunda, a Tolowa analibe pangano, analibe khoti, ndipo malo awo anali abwino kulima ndi kuweta.

Chaka chomwecho, anthu ali pa Nee-dash ku Yontocket, gulu la azungu amfuti linazinga mudziwo m'bandakucha n'kuyatsa nyumba. Otuluka ankawomberedwa, ndipo othawira m'dambo la pafupi anaphedwera m'madzi. Mbiri imene opulumuka anasiyira ana awo imati makanda ndi zovala za gule zinaponyedwa pamoto. A Tolowa amati anafa anali pakati pa 450 ndi 600. Zolemba za azungu zimatchula chiwerengero chocheperapo, ndipo malowo anangowatcha Burnt Ranch. Otsala anasamutsira gule ku Achulet, m'mbali mwa Lake Earl. Kumapeto kwenikweni kwa 1854 magulu a Coast Rangers ndi Klamath Mounted Rangers anaukira kumeneko n'kupha anthu osachepera 65, mitembo n'kuimiza m'nyanjamo. Howonquet nayo inatenthedwa ndipo anthu pafupifupi 70 anaphedwa.

Izi sizinali ndewu za anthu oledzera chabe. Magulu ngati amenewa ankalembetsedwa ndi boma la California, ankapatsidwa mfuti ndi malipiro, ndipo mu 1854 nyumba ya malamulo ya dziko lonse inavomereza kubwezera California ndalama zoposa madola 900,000 za nkhondo zotere. M'chigawo chonsecho, eni dziko anatsika kuchoka pa anthu pafupifupi 150,000 mu 1846 kufika pa 30,000 mu 1873. Katswiri wa mbiri Benjamin Madley, amene anafufuza za a Tolowa mwapadera, amati kumeneku kunali kupulula mtundu mwadala, ndipo mu June 2019 bwanamkubwa Gavin Newsom anapepesa m'dzina la California n'kuvomereza mawu omwewo. Panadutsa zaka zoposa 160, ndipo palibe anaimbidwapo mlandu pa zimene zinachitika ku Yontocket.

Kupululidwa ndi mapepala

Mfuti zitachita mbali yake, panabwera kusamutsa. Nkhondo za pakati pa azungu ndi eni dziko ku Rogue River, ku Oregon, zitatha mu 1856, abale a ku Oregon anatengedwa kupita ku Siletz, ndipo mbumba yawo lero ili m'gulu la Confederated Tribes of Siletz Indians. A ku California ena anaikidwa pamalo amene boma linapatulira eni dziko ku Klamath River. Madzi osefukira a 1861 ndi 1862 ataononga malowo, boma linatsegula malo ena ku Smith River mu 1862, n'kuwatseka mu 1868, anthu n'kuwapititsa ku Hoopa Valley. Ambiri ankathawa n'kubwerera kwawo, kumene tsopano anali aganyu pa minda ya ena. Mu 1872 kunafika chipembedzo cha Ghost Dance kuchokera ku Siletz, chimene chinkalonjeza kuti akufa adzabwerera, ndipo anthu anachilandira ndi manja awiri.

Mu 1908 boma linagula maekala 160 a Smith River Rancheria (rancheria ndi malo aang'ono amene boma linkapatulira eni dziko), ndipo patangopita nthawi pang'ono linagulanso maekala 100 a Elk Valley pafupi ndi Crescent City. Ana ankatengedwa kupita kusukulu zogonera komweko monga Chemawa ku Oregon ndi Sherman Institute kumwera kwa California, kumene ankalangidwa akalankhula chinenero chawo. Mu 1923 akuluakulu a boma oona za eni dziko anakhwimitsa malamulo oletsa magule, ndipo Nee-dash ya masiku khumi inalekeka poyera. Mabanja ena ankavinabe mobisa m'nyumba zawo, usiku umodzi kapena uwiri. Cha mu 1930 mpingo wa Indian Shaker Church unafika ku Smith River, ndipo ambiri anapezamo malo osonkhana ndi kuchiritsana popanda mzungu wowayang'anira.

Nkhonya yomaliza inali lamulo la 1958 lothetsa ma rancheria a ku California. Boma linasiya kuzindikira a Tolowa ngati mtundu, malo aja linawadula m'tizigawo n'kupatsa munthu aliyense payekha. Pakamwa zinkamveka ngati ufulu, koma malo a munthu payekha amakhomeredwa msonkho ndipo angathe kugulitsidwa kapena kulandidwa pa ngongole. Zimene boma linalonjeza, monga madzi abwino ndi misewu, sizinakwaniritsidwe mokwanira, ndipo apa mpamene panagona mlandu umene Tillie Hardwick, mayi wa mtundu wa Pomo, anatsegula mu 1979. Mu 1983 ma rancheria 17 anabwezeredwa ulamuliro wawo, kuphatikizapo Smith River ndi Elk Valley. Chigamulocho sichinabweze malo amene anali atagulitsidwa kale. Amenewo mtunduwu wakhala ukuwagulanso chigawo ndi chigawo, mbali ina ndi ndalama za malo a juga a Lucky 7 ndi mabizinesi ena. Mu 2015 Smith River Rancheria inasintha dzina kukhala Tolowa Dee-ni' Nation.

Mlandu wina unaonetsa pamene chitetezo cha lamulo chimathera. Nthambi ya boma ya zankhalango inkafuna kumaliza msewu wa pakati pa Gasquet ndi Orleans kudutsa m'mapiri amene a Yurok, a Karuk ndi a Tolowa amapitako kukapemphera. Mu 1988 khoti lalikulu la dzikolo linagamula, oweruza asanu kwa atatu, kuti malamulo oyendetsera dziko saletsa boma kumanga msewu pamalo ake ngakhale utaononga chipembedzo cha anthuwo. Msewuwo sunamalizidwe, koma chimene chinauletsa ndi lamulo la 1990 loteteza chilengedwe m'dera la Smith River, osati ufulu wopembedza.

Chinenero ndi gule

Pofika m'ma 1960, olankhula bwino anali okalamba ochepa, monga Amelia Brown ndi Sam Lopez. Mu 1969 ntchito yolemba chinenerochi inayamba mothandizana ndi sukulu ya ukachenjede ya Humboldt State, pogwiritsa ntchito zilembo za Unifon. Zinathandiza kusunga mawu ambiri, koma zinali ndi mavuto awiri. Zinapangidwira Chingelezi, choncho sizinkagwira bwino mawu ena a Tolowa, ndipo zinkafuna makina apadera olembera. M'zaka za m'ma 1990 anasinthira ku zilembo zimene kompyuta iliyonse ingalembe: chizindikiro cha ~ chimaonetsa mawu otulukira m'mphuno, lh ndi liwu lotuluka m'mbali mwa lilime, ndipo kankhodolero kamaonetsa kutseka kwa pammero. Chovuta kwambiri kwa wophunzira ndi mneni, umene umanyamula timaphatikizo tambiri kutsogolo kwa tsinde, ndipo tsindelo limasintha malinga ndi mtundu wa chinthu chimene chikugwiridwa, kaya n'chozungulira, chachitali kapena chamoyo. Kuloweza mayina a zinthu kokha sikutulutsa wolankhula, n'chifukwa chake mabanja ena anayamba kulankhula chinenerochi kunyumba, ntchito imodzi ndi imodzi, monga pophika kapena posambitsa mwana.

Eunice Bommelyn anagwira ntchito yaikulu yosonkhanitsa mawu ndi mibadwo ya mabanja, ndipo mwana wake Loren Bommelyn anaphunzitsa chinenerochi kwa zaka zambiri pa Del Norte High School. Loren, amenenso ndi woimba ndi woluka madengu, analandira ulemu wa National Heritage Fellowship mu 2002. Nee-dash inabwereranso poyera ndipo imavinidwa m'nyumba yamatabwa ku Nii~-lii~-chvn-dvn m'mbali mwa mtsinje wa Smith. Kubwezeretsa gule si kukumbukira nyimbo kokha. Chovala chimodzi cha mtsikana chimafuna zigoba mazanamazana zoboola ndi kusokerera, ndipo zovala zakale zambiri zinapsa mu 1853 kapena zili m'nyumba zosungiramo zakale kutali. Yontocket yeniyeniyo ili mkati mwa Tolowa Dunes State Park, m'manja mwa boma la California, ndipo chaka chilichonse mu December anthu amasonkhana kumeneko ndi makandulo kukumbukira ophedwa.

Nyanja ndi mtsinje lero

Nkhondo ya masiku ano ili pa chakudya. Smelt yachepa kwambiri pa magombe amene kale misasa inkadzaza, ndipo zaka zina mabanja amadikira osapeza zokwanira kuyanika. Nthambi ya zachilengedwe ya mtunduwu imatapa mchenga pa malo oikira mazira n'kuwerenga mazirawo, kuti pakhale umboni wa manambala pokambirana ndi boma. Nkhono nazo zili ndi vuto lake. Ndere zina zikachuluka m'madzi zimasiya poizoni m'nkhono, ndipo kuphika sikumuchotsa. California imaletsa kutola nkhono za mussel kuyambira pa 1 May mpaka pa 31 October chaka chilichonse, ndipo kutola nkhono za razor clam ku Del Norte kunatsekedwa kwa zaka zingapo kuyambira mu 2016. Kwa anthu amene amadya zimenezi kawirikawiri, kuyeza nkhono za pa gombe lawo lenilenilo n'kofunika kuposa chenjezo la chigawo chonse.

Kumtsinje, mtunduwu umayendetsa malo oswetsera nsomba za salmon ndi steelhead a Rowdy Creek. Koma chigwa cha kumathiriro a Smith ndi kumene kumalimidwa mbewu zambiri za maluwa a Easter lily a ku United States, ulimi wodalira mankhwala ambiri, ndipo mankhwala ndi mkuwa zapezeka m'timitsinje timene ana a salmon amakuliramo asanalowe m'nyanja.

California itakhazikitsa malo otetezedwa a m'nyanja ku gombe la kumpoto mu 2012, mitundu ya eni dziko inachita kumenyera kuti isaletsedwe kutola chakudya pa malo a makolo ake, ndipo a Tolowa anapatsidwa chilolezo chapadera ku Pyramid Point. Mu September 2023 anapita patsogolo. Pamodzi ndi Resighini Rancheria ndi Trinidad Rancheria, analengeza mwa ulamuliro wawo dera la nyanja loyang'aniridwa ndi eni dziko, loyamba la mtundu wake ku United States, la masikweya mailo pafupifupi 700, kuyambira kumalire a Oregon mpaka kumwera kwa Trinidad. Kulengezako sikuchotsa mphamvu za California pa madziwo. Zilolezo za usodzi ndi kulanga ophwanya malamulo zidakali m'manja mwa boma, ndipo kukula kwa mawu a mitundu itatuyi pa kutseka gombe kapena kuchepetsa usodzi wa smelt kudzadalira mapangano oyendetsera limodzi amene angagwirizane ndi boma la California.